Phoebe Atsika pa Chitseko

"Ndati sapita! Kodi m'nyumba muno mawu anga asanduka wailesi, yoti munthu azingoimvera uku akukolopa?"

Everson anali ataima pakati pa balaza, chikwama cha zida za ukalipentala chili paphewa. Idah, mng'ono wa mkazi wake, sanadzutse mutu pa chidebe.

"Alamu, chotsani phazi, ndikolope pamenepo."

"Ndikuyankhula ndi iwe, Idah."

"Ndamva. Koma wofuna kupitayo si ine. Ali m'chipindamo, ndipo makutu awo phiri silinawatenge."

Kuchipinda kunachokera mawu osakwera, osanjenjemera. "Bambo a Titho, lowani kuno. Musamandikambe ngati thumba la makala lonyowa."

Everson anakankha chitseko n'kulowa. Mkazi wake Phoebe anali chigonere pa bedi limene anakhalapo miyezi makumi awiri, chiyambire pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy n'kukokolola nyumba za ku Chilobwe. Matopewo anatenga mwana wawo mmodzi yekhayo, Tithokoze, ndipo mwala unamuthyola Phoebe msana. Kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi sankamva kanthu. Pambali pa pilo panali chiphaso chake cha unzika, chopindika pakona.

"Alengeza pa wailesi," anatero Phoebe. "Kalembera wa mavoti wayamba dzana pa sukulu ya kumunsi. Masabata awiri okha. Ndikufuna ndikalembetse."

"Mukalembetse chiyani chimene boma silikuchidziwa? Nkhope yanu anaijambula pomwe munkatenga chiphaso icho. Zala zonse khumi anadinda. Tsiku lobadwa ali nalo, mudzi ali nawo. Ngati akukufunani pa voti, atenge dzina lanu m'buku ilo alikopere m'buku linalo. Ndi ntchito ya kalaliki mmodzi, atakhala pampando akumwa tiyi."

"Mwanena zanzeru. Koma sanatero. Akuti aliyense abwere yekha ndi thupi lake."

"Ndiye vuto ndi lawo."

"Ayi, ndi langa. Dzina losowa m'kaundulamo likhala la Phoebe, osati la boma. Ine ndinayamba kuvota pa riferendamu, ndili mtsikana wa mabere oima. Chisankho chilichonse chala ichi chadapo inki. Andale aja akamabwera ndi misonkhano yawo amawerenga mayina a m'kaundula. Amene mulibemo amamuwerengera kumanda."

"Voti yanu imodzi idzutsa miyendo?"

"Siidzutsa. Mwina idzutsa mlatho pa khwawa apo, kuti njinga iyo isiye kukhala poyanika makabudula anu."

Njinga ya olumala imene bungwe lina linapereka inali pakona, zovala zitaunjikana pamwamba pake. Inalibe koyenda. Khwawa limene matope anakumba linadula njira ya kumtunda konseko, moti galimoto ngakhale kabaza sizinkafika. Munthu ankatsikamo ndi manja ndi miyendo, kulumpha miyala, n'kukwera tsidya linalo.

"Mukudziwa zimene adokotala ananena za kuberekedwa kumsana," anatero Everson.

"Ndikudziwa."

"Ndiye mutsika bwanji? Muuluka? Kapena mukufuna anthu adzaze msewu kudzaonerera mkazi wa Everson akukokedwa ngati mbuzi ya pa Khirisimasi? Muno muli bwino. Mukudya, mukusamba, palibe wokusekani."

"Pakadafunda padajiwitsa, alamu," Idah anaponya mawu ali pabalaza.

"Iwe, tsiku lina ndidzakukweza minibasi ya kwanu ku Thyolo."

"Muyambe mwaphunzira kutembenuza achemwali osawapweteka. Mukatero mundiperekeze, chikwama ndinyamula ndekha."

Everson anatuluka osatsanzika.

Lachitatu Idah anamanga chiphaso chija pansonga ya chitenje n'kutsika yekha. Pa sukulu mzere unali utazungulira mtengo wa mango. Anaima maola awiri. Pa tebulo panali mayi wachitsikana wa magalasi, dzina lake Clara litalembedwa pachifuwa, patsogolo pake pali makina onga foni yaikulu.

"Ichi si chanu," anatero Clara atayang'ana chithunzi.

"N'cha achemwali anga. Sayenda. Nkhope ndi iyi, nambala ndi iyi. Alembeni."

"Sizitheka, mayi. Makinawa akufuna mwini wake, nkhope ndi chala."

"Ndiye nyamulani makinawo tikwere. Salemera kuposa ndowa ya madzi. Ndikusenzerani ine."

"Sachoka pano. Ndikangodutsa nawo pa geti ntchito yandithera, mwinanso kukagona ku polisi."

"Tandiuzani, achemwali. Mwana akabadwa amapita yekha kukanena kuti ndabadwa? Amamulembera. Munthu akafa amadzuka kukanena kuti ndafa? Amamulembera. Nanga bwanji pa voti pokha?"

Clara anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Funso limenelo inenso ndimadzifunsa ndikaweruka. Ndimamva kuti kuli mayiko ena kumene munthu akangokwana zaka, dzina limalowa lokha. Kuno ena amati zikatero akufa nawo adzavota, poti ambiri timawaika m'manda popanda wokauza boma. Ndiye akuti bwera, tikuone kuti ukupuma."

"Poopa akufa mukusiya amoyo."

"Ine ndine wa pa tebulo chabe, mayi. Koma akabwera sadzaima pamzere. Ndidzayamba ndi iwo."

"Abwere bwanji?"

Clara anayang'ana kuphiri, kumene nyumba zinakakamira pa miyala ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Anabweza magalasi kumaso.

"Wotsatira!"

Lamlungu masana, atatha kudya, Idah anatulutsa maganizo amene anayenda nawo masiku anayi.

"Alamu, ndayeza. Chitseko cha kuchipindachi n'chachitali kuposa achemwali, ndipo n'cholimba, munachipanga nokha. Tichimasule, tiyalepo bulangete, agone chagada. Msana supindika. Anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi akagwira..."

Sanamalize. Everson anakankha beseni, madzi osamba m'manja n'kukhutukira pansi.

"Usadzabwerezenso mawu amenewo m'nyumba mwanga."

"Ndalakwa chiyani? Mutu umodzi susenza denga. Ndangoti tithandizane."

"Iwe unali ku Thyolo! Unaona chiyani iwe? Ine ndinakumba ndi zala izi. Titho ndinamupeza pansi pa lata. Kunalibe machira, kunalibe galimoto. Tinazula chitseko cha nyumba ya eni ake n'kumugoneka pomwepo. Kuyambira m'phiri mpaka pamsewu zinali zitseko zokhazokha, kutsogolo chitseko, kumbuyo chitseko, aliyense ndi wake. Mpaka lero ndikamapala chitseko ku shopu ndimayang'ana kumbali. Ndiye ukuti ndione mkazi wanga ali pa chitseko, akutsika njira yomwe ija?"

Idah anawerama n'kutola beseni lija.

"Bambo a Titho," anaitana Phoebe ali kuchipinda. "Anali mwana wanganso. Inu munamunyamula, munamuika. Ine ndinali ku chipatala, sindinaponyeko ngakhale dothi. Manda ake sindikuwadziwa, ndipo sindinakuvutitseni nazo. Koma tandiuzani, tsiku limene munamuika, munandiika limodzi?"

"Mukuyankhula zotani?"

"Amayi anzanga a Mvano anabwera katatu kudzandiona. Ndinawamva pakhonde, mawu a Kondie, wapampando wathu, sindingawasokoneze. Katatu konse munati ndagona. Ndinali maso, ndikuwerenga mabowo a malata."

"Ndinkakutetezani. Anthu amabwera ngati achisoni, mawa akukakusimbani pa kiyosiki ya madzi."

"Asimbe. Wosimbidwa ndi wamoyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Ndanena. Chitseko chikhala pamene ndinachikhoma."

Lolemba Everson anabwera ndi mango a boloma. Lachiwiri anabwera ndi mafuta odzola onunkhira. Phoebe ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, kenako n'kufunsa mokweza, "Idah, kwatsala masiku angati?"

Tsiku la mafutalo, Everson ali ku shopu, Idah anapita pa mtengo wa pafupi ndi khwawa pamene amuna ankasewera bawo. Anagwada mwaulemu n'kupempha anthu anayi oti anyamule mkulu wake. Anayankha ndi a Hamudi, telala wachikulire wa pakhonde la golosale.

"Mwamuna wawo watumiza mawu?"

"Ayi."

"Ndiye mwana wanga, mkazi wa mwini sagwiridwa. Tingalowe m'mlandu."

"Komanso za mavoti tidyapo chiyani?" anawonjezera wina, maso ali pa bawo. "Tavota kangati, khwawa likadali pomwepa?"

Idah atafotokoza, Phoebe anamukodola kuti asendere pafupi.

"Ukawauze a Kondie kuti mnzawo uja wadzuka."

"Achemwali, alamu akadziwa andithamangitsa zenizeni. Inunso ukwati mwauika pa moto."

"Ukuopa?"

"Ine? Ndikungofuna mudziwe kuti walira mvula walira matope."

"Matope ndinawaona kale. Pita."

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti kalembera atseke, amayi asanu ndi atatu anakwera molunjika kuchokera ku msonkhano wawo wa Mvano, akadali m'yunifolomu: malaya oyera, masiketi akuda, maduku oyera. Kondie, wapampando wawo, mayi wojintcha wogulitsa usipa, analowa ali wefuwefu. Ataona Phoebe, Kondie anagwira pakamwa.

"Musalire, a Kondie, nthawi palibe. Amatseka folo koloko."

"Abambo akudziwa?"

"Adziwa."

Idah anamasula mahinjesi ndi mpeni wa kukhitchini. Anayala bulangete pa chitseko, anamusamutsira Phoebe pomwepo, n'kumumanga ndi zitenje ziwiri m'chiuno ndi m'mawondo kuti asatsetsereke. Atangotuluka panja, dzuwa la Novembala linamubaya m'maso ngati singano. Maso ozolowera mdima wa m'chipinda sanapirire.

"Ndifunditseni kumaso, ndingachite khungu."

Idah anamufunditsa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Poyamba amayiwo ankayenda mosamvana, wina kutsogola, wina kutsalira, chitseko n'kumapendekera uku ndi uko.

"Tigwetsa munthu apa," anatero Kondie. "Tiyeni tiimbe, mapazi amvane."

Anasankha nyimbo yodekha, yokoka, kuti asamugwedeze wodwala. Sanaganize kuti nyimbo zokoka chotero aliyense amadziwa kumene zimaimbidwa.

Woyamba kuona anali mayi wina amene ankachapa pakhonde. Anaona amayi a Mvano m'zoyera akutuluka m'nyumba ya Everson, munthu wofunditsidwa ali pa chitseko. Mayi wa Mvano akamwalira, omutulutsa m'nyumba amakhala anzake. Wochapayo anataya sopo n'kugwira kumutu.

"Mayo ine! Amake Titho atisiya!"

"Ayi, mayi, si choncho," Kondie anayesa kuyankha, koma kulira kunali kutalumpha kale mpanda, kukumveka nyumba yachitatu.

Anafika pa khwawa mikono itatopa. Anaima m'mphepete akuyang'ana miyala, ndipo aliyense anaona kuti okha sangawoloke. Pomwepo amuna a pa bawo aja anadzuka, kuvula zipewa, n'kubwera chothamanga, a Hamudi ali patsogolo.

"Amayi, tulani. Apa ndi pa amuna. Maliro n'kulirana."

Kondie anatsegula pakamwa. Idah anamutsina pamkono mpaka anadumpha.

"Asiyeni atiwolotse," ananong'ona. "Tikaulula tsidya."

"Ndi tchimo ili, Idah."

"Tikalapa Lamlungu."

Pansi pa chitenje Phoebe anamva chitseko chikuchoka pa mapewa ofewa kupita pa mapewa olimba. Amuna anandandalika pa miyala n'kumapatsirana, ndipo chinawoloka khwawa lonse osagwedezeka, ngati tsamba pa madzi odekha. Kuwala kunkadutsa m'nsalu, kofiira ndi kwachikasu. Akanatha kuyankhula. Anatsegula pakamwa kawiri, koma zimene ankamva zinamutseka.

Tsidya linalo palibe anatula. Amuna ankalandirana monga amachitira, wina kulowetsa phewa, wina kutuluka, osaima. Idah anayesa kuwagwira malaya, koma anamukankhira kumbuyo kwa amayi olira. Chigayo cha pakona chinazima. Wailesi ya pa bala inazima. Owotcherera zitsulo anatula zida. Chilobwe yense, amene sakhala chete ngakhale Lachisanu Loyera, anangoti zii, kutsala nyimbo ndi mapazi. Ndipo nyimboyo inakula. Analowamo amayi a Chikatolika, a mipingo ya m'matenti, ogulitsa makala, amuna ndi besi yawo yochokera ngati pansi pa nthaka. Phoebe anamva thabwa likunjenjemera ndi mawuwo kunsi kwa mapewa ake, pamene thupi linkamvabe. Tsitsi linamuima. Kenako anamva dzina lake likuyenda m'khamu.

"Ndi amene anandiperekeza ku chipatala pa mwana wanga woyamba."

"Tomato wawo sankabisa wowola pansi."

"Ine ndinkayesa anapita kumudzi kalekale."

"Ine ndinkayesa anafa chaka chatha chomwe."

"Komatu anthuni sitinakawaone. Pafupi pomwepa."

Misozi inatsikira m'makutu mwake. Sichinali chisoni. Anali ngati munthu amene amusuzumitsa pa malo amene wamoyo saloledwa kuona, ndipo ankaopa ngakhale kupuma mokweza.

Shopu ya Everson inali pamsewu waukulu. Anamuuza ndi Aaron, kondakitala wa minibasi, amene anafika chipewa chili m'manja.

"Achimwene, pepani. Limbani mtima. Akutsika nawo."

Everson sanafunse kuti ndani. Anathamanga utuchi uli m'tsitsi, nsapato imodzi n'kutsala m'ngalande. Khamu linamupatukira. Ataona chitseko cha mlombwa chimene anapala yekha, anachizindikira nthawi yomweyo. Anagwada pafumbi, anagwira m'mphepete mwa thabwa, onyamula n'kuima. Nyimbo inaduka.

"Phoebe! Phoebe iwe! Ndinakutsekera ndine. Unandipempha kanthu kamodzi kokha!"

Dzanja linatuluka m'chitenje n'kuchikokera pansi pa chibwano.

"Ndikupemphabe, bambo a Titho. Imirirani. Amatseka folo."

Awiri mwa onyamula anataya n'kuthawa. Chitseko chinapendekera, a Hamudi n'kuchitchinga ndi phewa. Mayi wina anakuwa kuti "Mzukwa!" n'kugwera m'lichero la mtedza. A kutsogolo anabwerera m'mbuyo, kupondana ndi a kumbuyo amene ankafuna kuona. Kenako kunakhalanso chete, chete woposa woyamba uja.

A Hamudi anasuzumira pankhope ya Phoebe.

"Ine ndanyamula maliro zaka makumi anayi, a Chisilamu ndi a Chikhristu omwe. Odziwa nthawi yotsekera ofesi, oyamba ndi ano."

Kuseka kunayambira pafupi n'kufalikira kutali, ena akuseka misozi ikadali m'masaya. Koma si onse anaseka. Bambo wina wa jekete anabweza chipewa kumutu mwaukali.

"Awa ndi malaulo! Kusewera ndi maliro? Mwatisiyitsa ntchito, mwatiliritsa, chifukwa cha chiyani? Amayi a mpingo athunthu!"



"Ndidzutseni pang'ono," anatero Phoebe.

Idah ndi Kondie anamugwira m'mapewa. Anatsinzina, anaphethira, kenako anaona. Anthu anadzaza msewu kuyambira pa chigayo mpaka pa siteji. Minibasi zinaima mondondozana, injini zitazima. Pamsewu panali nthambi zaziwisi zoponyedwa chifukwa cha iye. Kumbuyo kwa onsewo kunali phiri la Soche, lalikulu kuposa mmene ankalikumbukira, zipsera zake zitayamba kumera udzu, mitambo ya mvula yoyamba itaunjikana pamwamba pake. Analiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Anthu nawo anatembenuka kuyang'ana chimene ankaona.

"Sindinanene kuti ndafa," anatero. "Mwanena nokha. Ine ndikupita ku kalembera. Boma lati lione nkhope yanga kuti likhulupirire kuti ndilipo, ndipo ndaona kuti nanunso mumafunika zomwezo. Miyezi makumi awiri ndili pamwamba apo. Dzana ndinatuma mng'ono wanga kudzapempha anthu anayi okha. Munati mkazi wa mwini sagwiridwa. Lero mwandigwira angati? A Hamudi, chasintha n'chiyani?"

A Hamudi anayang'ana zala zawo pa thabwa. "Mwatigwira pakamwa, mayi."

Bambo wa jekete anachoka akung'ung'udza, ndipo ena anamutsatira. Everson anali chigwadire.

"Mwandipha lero," ananena motsitsa.

"Pepani. Sindinafune kuti zifike pamenepa. Koma ulendo ndauyamba, ndipo sindibwerera."

Everson anadzuka, anapukuta m'maso ndi mkono wa utuchi, n'kugwira paphewa munthu amene anali kutsogolo cha kumanja.

"Pepani achimwene, apa ndi panga."

"Ndiye tiyeni," anatero a Hamudi. "Koma amayi, chonde, sinthani nyimbo."

Analowa pa geti ya sukulu ndi nyimbo yovina. Anthu a pamzere anapatuka okha. Clara anaimirira, cholembera chikumugwa m'manja.

"Munati akabwera muyamba ndi iwo," anatero Idah. "Abwera."

Chitseko anachitula pa madesiki awiri. Clara anayang'ana chiphaso, kenako anayang'ana Phoebe.

"Akhale tsonga, nkhope ilunjike kuno."

Mpando umene unalipo unalibe zogwira m'mbali, ndipo Phoebe akanagwa. Everson anakwera pa chitseko n'kukhala chofulatira, kuti mkazi wake atsamire pamsana pake.

"Abambo, weramani, mutu wanu ukuoneka."

Anawerama mpaka chipumi chinagunda mawondo. Idah anakonza duku la mkulu wake, anamupukuta thukuta. Phoebe anayang'ana makinawo monga anayang'anira phiri lija. Kenako anaika chala pa kagalasi. Makina analira pang'ono n'kutulutsa kapepala. Clara anazungulira tebulo n'kukapereka ndi manja awiri, atapinda bondo ngati akupereka madzi kwa apongozi. Phoebe anawerenga dzina lake chilembo ndi chilembo, mpaka kumapeto.

Potuluka pa geti khamu lija linali litasungunuka. Chigayo chinali chitayambanso kulira, minibasi zikuitanira za ku Limbe. Otsika naye anali mazana. Otsala kuti akwere naye Idah anawawerenga mokweza dala: amayi asanu ndi atatu otopa, Everson, Aaron, a Hamudi, ndi amuna ena awiri.

"Wakufa ndiye ali ndi abale," anatero. "Ndipo ulendo wolemera ndi wokwera."

"Asiye," anatero Phoebe. "Awa akwana."

Asananyamule, mayi wina wowonda, Madalo, wokhala kumtunda kwa nyumba yawo, anafika pafupi ndi Everson akupotokola nsonga ya chitenje.

"Bambo a Titho, pepani. Apongozi anga aamuna anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha. Chiphaso ali nacho. Tsiku ndi tsiku amandifunsa za kalemberayu, ine ndimangowauza kuti sanayambe. Mawa ndi lomaliza. Chitsekochi mungatibwereke?"

Kumbuyo kwake kunaima bambo wina, ndi mayi wina wobereka mwana, akudikira kumva yankho lomwelo.

Everson anayang'ana chitseko. Anayendetsa chala m'mphepete mwa thabwa, pamene manja a anthu anasiya thukuta ndi fumbi.

"Chopanda zogwirira chimapweteka zala," anatero. "Ndikhomerapo mitengo iwiri lero lomwe. Mubwere sikisi koloko, dzuwa lisanakwere. Ndipo musawafunditse kumaso."

"Mitengoyo ikhale yolimba," anatero Phoebe ali chagada, kapepala atakapanikiza pachifuwa. "Kulembetsa si kuvota. Seputembala ndikutsikanso."

Everson analowetsa phewa pansi pa chitseko.

"Kwezani," anatero.